Mbuzi ya pa Chingwe M'mwezi wa Juni

Amayi atamwalira ku Lirangwe, ndinabwerera kubanja kwanga ku Chileka ndi mng'ono wanga wa zaka khumi ndi zisanu, komanso kambuzi kakakazi kamene amayi ankaweta. Ine ndinali ndi mwana wa kubere.

Mbuzi inazolowera msanga. Mng'ono wanga ayi. Sukulu anasiya. Ankagona choyang'ana kukhoma tsiku lonse, kusamba mpaka kumukakamiza. Tsiku lina ndikumupesa tsitsi anati, "Achemwali, ine moyo ndatopa nawo." Anazinena ngati munthu akunena kuti mchere watha. M'mawa mwake ndinabereka mwana kumbuyo, ulendo kuchipatala ndi mng'ono wangayo.

Adokotala ake anali mayi wofatsa. Anati awa ndi matenda a maganizo, amachizika, ndipo tizibwera kudzacheza nawo kawirikawiri. Kenako anandifunsa pambali ngati pakhomo pali chilichonse chimene mtsikanayo amachilabadira.

"Palibe," ndinatero. "Kungoti mbuzi ikalira amadzutsa mutu."

"Mumusiyire mbuziyo. Inu musaikhudze, ngakhale ilire chotani."

Munali mu Disembala, chimanga chikulekeza m'mawondo. Kwathu kuno dzinja mbuzi siyenda yokha. Umaimangirira pachikhomo pamene pali msipu, dzuwa likakwera umaisunthira pamthunzi, mvula ikayamba umathamanga kukaimasula.

Tsiku loyamba inalira m'khola mpaka dzuwa kutentha. Bambo a mwana, akukonzekera zopita kuntchito ku eyapoti, anafunsa, "Kodi mbuziyi ilibe mwini?"

"Mwini alipo, agona," ndinayankha mokweza, uku ndikupukuta mbale zouma kale.

Patapita nthawi chitseko chinatseguka. Mng'ono wanga anatuluka osandiyang'ana, n'kutenga chingwe.

Zinayenda choncho dzinja lonse. Masiku ena ankangomangirira n'kubwerera kukagona. Masiku ena ndinkamuona atakhala pachulu akuichotsa nkhupakupa, milomo ikugwedera. Zimene ankaiuza sindinafunsepo. Anayamba kudya, kusamba yekha, nthawi zina kundilandira mwana.

Kulakwitsa kwanga kunabwera mu Meyi. Anthu atamaliza kukolola, aliyense anatayirira mbuzi zake kuti zizidya mapesi m'minda, monga timachitira chaka chilichonse. Nanenso ndinamasula yathu, mumtima ndikuti mwanayu apumuleko. Chingwe chija ndinachimanga pakati pa mitengo iwiri ya mango, n'kuyanikapo matewera.

Sabata isanathe, mng'ono wanga anabwerera kukhoma kuja. Ndinasowa mtengo wogwira, mantha aja n'kubweranso onse. Tsiku lachisanu ndikuyanula matewera ndinapezeka ndagwira chingwe m'manja, ndipo ndinazindikira chimene ndinamulanda.

Ndinalowa nacho kuchipinda. "Ndinalakwitsa ndine. Kaisake mbuzi yako."

"Za anthu onse zikuyenda zokha," anayankha osatembenuka.

"Imeneyo si ya anthu onse."

Ndinasiya chingwe pamkeka n'kutuluka. Masana ndinamva mbuzi ikulira pachikhomo.

Tsono mbuzi yomangirira m'chilimwe ndi chintchito, chifukwa pansi pamakhala pouma gwa. Ankayenera kukaifunira masangwe a mtedza, makoko a nandolo, masamba a kumadimba. Maulendo amenewo anamufikitsa kumene atsikana anzake amathirira ndiwo, ndipo ankachedwako. Ine osadandaula.

Pamudzi tinasanduka choseketsa. Mu Juni mayi wina woyandikana nafe anaima pamsewu, ndowa ili pamutu.

"Amake mwana, mbuzi yanuyi yapalamula chiyani? Zinzake zonse zinatuluka kundende!"

Ndisanatsegule pakamwa, mng'ono wanga anayankha ali pachulu paja: "Ili pa rimandi, amayi. Mlandu wake sunalowe m'khoti."

Mayi aja anaseka mpaka madzi kutayikira pamsana. Mng'ono wanganso anaseka. Ine ndinalowa m'nyumba ngati ndikukatenga kanthu, ndinakhala pansi kuseri kwa chitseko. Chichokereni ku Lirangwe ndinali ndisanamvepo kuseka kumeneko.

Kuchipatala sitinasiye kupita, ndipo masiku olemera amabwerabe apo ndi apo. Koma sukulu zitatsegulira mu Seputembala, anadzuka yekha, kusita yunifolomu, n'kupita kukhola. Anamasula mbuzi, inathamangira kwa zinzake osacheuka n'komwe. Anakulunga chingwe bwinobwino n'kundipatsa.

"Yanikanipo matewera anu, achemwali. Koma mvula ikayamba mundibwezere."