Nkhuku ya Eni pa Chikwangwani Chathu

Mkulu wina wa situdiyo ya zithunzi pano pa Katete wachititsa manyazi akazi anga pamsewu, dzuwa likuswa mtengo. Dzina lake sinditchula. Amene mumadutsa kumsika mukumudziwa. Ndi uja amayenda ndi kamera yatsopano pakhosi ngati belu la ng'ombe.

Sindikonda kulemba pano. Ine ndimagula soya ndi mpendadzuwa ku Vubwi, ndipo nkhani zanga zimathera pa sikelo. Koma iyi ndilemba.

Akazi anga, anaBanda, ali ndi kanyumba kodyeramo pafupi ndi pokwerera mabasi a ku Chipata. Matebulo ochepa, zenera limodzi laling'ono. Amaphika nkhuku ya kumudzi, nkhwani wotendera, nyemba, nthawi zina mbuzi. Tchipisi saphika. Mwambo wa Kulamba ukayandikira, msewu umadzaza alendo opita ku Mkaika, ena ochokera ku Malawi, ena ku Mozambique. Sabata imeneyo ndi imene imanyamula bizinesi yawo mpaka mvula. Tinaganiza zopachika chikwangwani chansalu chokhala ndi chithunzi cha chakudya chawo, kuti mlendo aone ali m'basi.

Ndinapita ku situdiyo. Mkuluyo anandilandira ndi kamera, moni anabwera pambuyo. Anati waigula kumene ku Lusaka, ndipo siifuna fulashi.

"Fulashi imapha chakudya, bosi. Iyi imagwira kuwala kumene yakupeza. Ngakhale kuuna kwa mbewa ingajambule."

Ndinamufunsa ngati angakonde kuona kaye malowo. Anaseka. Tinapangana Lachiwiri, 10 koloko m'mawa. Ndinalipira K900, zonse pamodzi: kujambula, kusindikiza, kupachika.

Lachiwiri anaBanda anapha tambala amene ankasungira alendo a ku mpingo. Pofika 10 koloko zonse zinali patebulo, zovundikira bwino. Mkulu uja anafika 15 koloko. Mawu oti pepani anawasiya ku situdiyo. Analowa, nayang'ana kudenga, nati, "Muno ndi mumdima."

Mumdima? Nanga kuuna kwa mbewa kuja kuli magetsi?

Anatiuza kuti titulutse tebulo panja. Tinatulutsa. Ogasiti mumamudziwa: mphepo, fumbi, mathiraki. Iye anavundukula mbale zonse. AnaBanda chiyambire sanasiyepo ndiwo zosavundikira. Kwa iwo mbale amavundukula ndi wodya, atasamba m'manja.

"Abambo, ntchentche," anatero.

"Amama, ntchentche ndikazichotsa pa kompyuta."

Anagwada. Anaimirira. Anakwera pa benchi ndi nsapato. Akadina, ayang'ana kumbuyo kwa kamera, apukusa mutu. Ndinafunsa kuti chavuta n'chiyani. Anati iye ndi kamera akali kuzolowerana. Posakhalitsa mlandu unagwera nkhuku. Akuti ndi yowonda, ilibe thupi. Nkhwani akuti wada kwambiri, kamera sikondwa naye.

Ndinapempha kuona zimene wajambula. Anati batire yatha.

Batire inatha, koma njala ayi. Anakhala pansi. AnaBanda, mwa ulemu wa kwathu, anatenthetsa nkhuku ija namuikira ntchafu ndi nthutumba, gawo la mlendo wolemekezeka. Nkhuku yowonda ija inatsala mafupa okha, nawonso otafunidwa.

Masiku anapita, foni osayankha. Lolemba lotsatira ine ndinali ku Vubwi, anaBanda atapita kumsika kukagula tomato. Apo ndi pamene mkulu uja anabwera kudzapachika chikwangwani. Sanadikire kuti mwini wake aone kaye.

Pobwera, anaBanda anapeza oitanira mabasi ataima pansi pa chikwangwani, akuseka. Dzina linali lawo ndithu, zilembo zikuluzikulu. Pansi pa dzinalo panali nkhuku yachizungu yonenepa ndi tchipisi, m'mbale yoyera ya mkombero wabuluu, pa nsalu ya patebulo ya maluwa achikasu.

Mbale zimenezo Katete yense amazidziwa. Ndi za anaTembo, amene ali ndi malo odyera tsidya la msewu, moyang'anizana ndi ife.

"Amama, mwayamba kubwereka mbale kutsidya?" anafunsa mmodzi wa oitanira mabasi aja.

"Iwe, osavuta amama," anatero mnzake. "Iyi manje ndi buranchi ya kwa anaTembo."

AnaBanda ndi afupi, chikwangwani chili pamwamba pa malata, ine kulibe. Chinakhala pomwepo mpaka madzulo. Alendo ankalowa akuloza chithunzi. Akamva kuti tchipisi mulibe, ankafunsa kuti nanga zili kuti. Oitanira mabasi aja ankawalozera kutsidya. Nkhuku imene anaphika tsiku limenelo tinadya tokha kunyumba.

Koma chimene chinawaliza si chimenecho. AnaTembo anawoloka msewu. Awiriwa amakhala benchi limodzi ku chigwirizano cha amayi ku mpingo. Anavekedwa yunifomu tsiku limodzi. AnaTembo sanakweze mawu. Anayang'ana chikwangwani nthawi ndithu, kenako anati, "Anzanga, mukanangopempha. Ndikanakupatsani ndi foloko yomwe." Anabwerera. Kuchokera tsiku limenelo moni wawo ndi wa mutu wokha.

Chikwangwanicho ndinachitsitsa ndekha nditangofika. M'mawa ndinapita nacho ku situdiyo, ndinachiyala pa kauntala. Funso linali limodzi: chakudya ichi n'cha ndani?

Anati zithunzi zathu zinatuluka zakuda, zina zogwedera. Anati pochoka kwathu anawoloka msewu kukamwa choziziritsa kukhosi, ndipo anapeza kuti kwa anaTembo kuli zenera lalikulu, dzuwa la madzulo likugwa bwino patebulo. Anaitanitsa mbale, najambula. Iye sanawauze anaTembo kuti ndi za chiyani.

Batire yakufa ija inauka itawoloka msewu. Zozizwitsa sizinathe pa Katete.

"Chakudya ndi chakudya, bosi," anatero. "Munthu wa m'basi sayang'ana mbale."

"Nanga munthu wa pa Katete?"

Anayamba kupukuta galasi la kamera ndi malaya.

Ndinati akajambulenso, m'mawa, pakhomo pamene dzuwa limawala bwino. Anati sabata ino wadzaza, akukonzekera za ku Mkaika. Ndinati abweze ndalama. Anati inki inapita kale. Ndinati chabwino, apite akauze anaTembo kuti anachita yekha. Anati iye salowerera nkhani za azimayi. Kenako anandipatsa uphungu waulere. Akuti ndigumule khoma, ndiike zenera lalikulu.

"Vuto ndi nyumba yanu, amdala. Kamera ilibe mlandu."

Pamenepo ananena zoona. Kamera ilibe mlandu. Khasu latsopano likalima munda wa eni, sitifunsa khasu.

Pakhomo pathu tabwezeretsa bolodi lakale lolemba ndi choko. Silinanamizepo munthu. Ndalama zija akhale nazo, agulire batire. Chimene ndikufuna n'chimodzi. Abwere pamsewu paja masana, aime pakati pa anaBanda ndi anaTembo, anene ndi pakamwa pake kuti anajambula mbale ija ndani, ndipo amene sanadziwe kanthu ndani. Alendo a Kulamba adzabweranso chaka chamawa. Koma benchi la ku chigwirizano ndi la sabata ndi sabata, ndipo akazi anga ayamba kukhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko.

Ndamva kuti mkuluyu akulandiranso ntchito za maukwati. Ngati mwamupatsa ukwati wanu, zithunzi zikabwera muyang'anitsitse mkwatibwi. Mwina tsiku limenelo wa tsidya la msewu ndi amene anali pa kuwala kwabwino.