Iwe wa m'nsapato ya kumanzere

Alamu anga anali okonza nsapato, ndipo anthu a mumsewu wathu ankangowatchula a Chidendene. Dzinali sankalikana. Ankagwirira ntchito pakhonde la sitolo yogulitsa penti ndi misomali, pomwe anali ndi kabenchi, bokosi la zida, ndi mulu wa nsapato zomwe eni ake anaziiwala kalekale. Ukafika sankayang'ana nkhope, ankayamba ndi mapazi. Akatero n'kukuuza kuti umayenda mopendekera kumanzere, kapena kuti umakhwekhwereza phazi ngati munthu wotopa ndi moyo. Kupatula apo, mawu ankawaumira. Ine ndinkawaseka kuti pakamwa anadzimata okha ndi guluu wa soli, iwo n'kungomwetulira, timisomali tili pamilomo.

Achemwali anga, amene anadzakhala akazi awo, nthawiyo ankakolopa m'maofesi a kampani ina, ndipo tinkagona chipinda chimodzi. Tsiku lina lamba wa nsapato yawo anaduka, iwo n'kukaisiya kwa a Chidendene. Atakaitenga anafika kunyumba akudandaula kuti ikuwabaya chala. Atapisa dzanja anatulutsa kapepala kopindidwa kangapo, kothimbirira ndi polishi. Panalembedwa kuti: "Iwe, nsapato iyi inatha kale. Ndaikonza kuti ubwerenso."

Achemwali anapsa mtima. "Wamupatsa ndani chilolezo chonditchula iwe? Ndine mnzake ine?" Anazungulira chipinda chonse akutukwana amuna opanda ulemu. Koma sabata isanathe lamba uja anadukanso, ndipo ine ndi maso angawa ndinaona lezala lomwe linamudula.

Anakwatirana, nabereka mwana mmodzi wamkazi, nakhala m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa malo ochapira magalimoto. Ndinkapitako pafupipafupi, ndipo ndikunenetsa: pa zaka zonsezo sindinamvepo alamu akunena kuti iwe kwa achemwali ndi pakamwa. Zinali "Mayi, mwaika kuti thaulo?" "Mayi, bwerani mudzaone." Achemwali nawo "Bambo, tiyi wanu akuzizira." Mlendo akanaganiza kuti ndi anthu okumana pamzere kuchipatala. Ngakhale pokangana ankakangana mwaulemu, mpaka iwe womvera n'kuyamba kuyasamula.

Iwe uja ankakhala papepala basi. Alamu ankalawirira ku ntchito, ndipo asanatuluke ankasiya kapepala m'nsapato ya kumanzere ya akazi awo. Sankagula mapepala. Ankang'amba katoni ya nsapato, kuseri kwa lisiti, chilichonse chomwe cholembera chawo cholembera soli chikanagwirapo. Ndipo musaganize kuti munkakhala mawu a uchi. "Iwe, kunja kwachita mitambo, tenga ambulera." "Iwe, dzulo unanena zoona koma unakweza mawu." Kena kanangoti: "Iwe, diresi lobiriwira lija." Basi, osamaliza. Achemwali anakawerenga kangapo konse, n'kukabisa pachifuwa ngati mtsikana. Nawo ankayankha, ankaponya kawo m'bokosi la zida, ndipo nawonso papepala ankati iwe. Timapepalato ankatisunga m'makatoni a nsapato pamwamba pa wadiropu, ndipo mwana wawo anakula akudziwa kuti pamenepo sipakhudzidwa.

Kunena chilungamo, ndinkachita nsanje. Mwamuna wanga ine anali ndi pakamwa potsekemera, wokondedwa apa, mtima wanga apo, pagulu pomwe. Mauthenga a pafoni ankanditumizira ambirimbiri. Foniyo inagwera m'ndowa ya madzi, mwini wakeyo anagwera kwa mkazi wina, ndipo lero ndilibe ngakhale chilembo chimodzi chosonyeza kuti munthu anandikondapo. Achemwali anali ndi makatoni odzaza.

Kuiwala kwa achemwali kunayamba pang'onopang'ono. Poyamba tinkaseka: makiyi mufiriji, shuga m'ndiwo. Kenako anasochera pobwera kogula buledi, mumsewu womwe anayendamo moyo wawo wonse. Adokotala anatchula dzina la matendawo, n'kutiuza mosabisa kuti sadzachira. Ine ndinatseka kanyumba kanga n'kudzakhala nawo kuti ndiziwasambitsa ndi kuwaphikira. Mwana wawo uja anali atakula, ali ndi saluni yake kutsidya kwa tawuni, ndipo ankabwera akapeza mpata.

Ine sanandiiwale msanga, kaya chifukwa cha phokoso langa. Amene anayamba kufufutika ndi alamu. Tsiku lina masana achemwali anandikoka mkono n'kundinong'oneza:

"Abambo akhala pampandowa ndi ndani? Bwanji sakupita kwawo?"

"Achemwali, amenewa ndi amuna anu."

Anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuseka. "Usandipusitse iwe. Amuna anga si nkhalamba. Ali ku ntchito."

Alamu anamva zonse. Anadzuka, n'kupita panja kukapukuta nsapato zomwe zinali zopukuta kale. Ine ndinalira m'bafa, mpopi nditautsegula.

Koma m'mawa mwake achemwali anapisa dzanja m'nsapato ya kumanzere monga mwa masiku onse, napeza kapepala, nkhope yawo n'kuwala. Nkhope ya alamu inali itawachoka m'mutu, mawu awo anali atawachoka, koma zilembo zawo zopendekera zija, zokhala ngati zikukankhidwa ndi mphepo, ankazidziwa. Anapita nako kwa mlendo wa pampando uja.

"Abambo, taonani. Amuna anga andilembera. Akuti ndivale juzi."

"Ndiye valani, mayi," anatero alamu. "Akuoneka kuti amakuganizirani."

"Kwambiri. Kungoti ntchito imawachulukira."

Umu ndi momwe banja lija linakhalira. Alamu anavomera kukhala mlendo m'nyumba yawoyawo, bola m'mawa uliwonse akazi awo azidziwa kuti mwamuna wawo alipo ndipo sanawataye. Kapepala kakapezeka, tsiku linkayenda: achemwali ankadya, ankalola kusamba, ankaimba. Tsiku lina ine ndinachapa nsapato ija osayang'anamo, ndipo tinaona zakuda. Anakana chakudya, nakhala pakhomo kuyang'ana kumsewu mpaka dzuwa kupendeka. Ndinayesapo kuba kapepala kakale m'katoni, koma anangokagwira n'kunena kuti, "Aka n'kakale, taona mopindamu mwatha." Munthu woiwala dzina la supuni, koma pamenepo sunkamunamiza.

Ndiye sitiroko inawagwira alamu ali pakabenchi kawo, nsapato ya mwini ili pabondo. Anzawo a m'sitolo ndi amene anathamangira nawo kuchipatala. Anatuluka ali moyo, akuyenda mokoka mwendo, akulankhula molemera koma zomveka. Dzanja lamanja ndi lomwe silinabwerere. Linkangolendewera, zala zitapindika.

Masiku omwe anali m'chipatala achemwali anaonda ndikuona. M'mawa uliwonse dzanja m'nsapato, dzanja n'kutuluka lopanda kanthu. Alamu atangofika kunyumba, asanavule n'komwe jekete, anapempha cholembera. Anayesa ndi lamanzere, thukuta lili kamukamu pachipumi, ndipo zomwe zinatuluka zinali ngati nkhuku yapalasa. Tinaikabe m'nsapato. Achemwali anatembenuza kapepalako uku ndi uku n'kunena kuti ana a aneba ayamba kusewera ndi nsapato zawo.

Nzeru inachokera kwa mwana wawo. Anaulula, akuseka ndi misozi yomwe, kuti ali kusukulu ankasainira yekha malipoti oipa, ndipo dzanja la bambo ake ankalitengera moti aphunzitsi sanamugwirepo. Analemba mzere umodzi kuti tione. Alamu anayang'ana, nagwedeza mutu, n'kunena kuti, "Mwana wakuba iwe." Kanali koyamba kuwaona akuseka chibwerereni kuchipatala.

Anagwirizana kuti bambo azinena, mwana azilemba. Ine ndinali kuseri ndikuyanika zovala, ndipo mpaka lero ndimadana nazo zovala zimenezo. Ndikanakhala m'chipindamo ndikanamva.

Mwanayo sankadziwa za iwe. Makatoni aja sanawatsegulepo. Ndipo alamu, munthu amene moyo wake wonse sanatchulepo mawuwo mokweza kwa mkazi wake, anapezeka akuyang'anizana ndi mwana wobereka okha, cholembera chili m'manja mwake, akudikira. Mawu ankayenera kudzera pakamwa, ndipo pakamwa pawo pankadziwa inu yekha. Iwe ankakhala m'dzanja lija, dzanja lomwe linafa. Ananena momwe ankalankhulira masiku onse, mwana n'kulemba momwe anamvera.

M'mawa mwake achemwali anapisa dzanja m'nsapato, n'kufuula dzina langa ndi chimwemwe. Ndinathamanga ndi thovu m'manja. Anatambasula kapepalako, ndipo ndinaona nkhope yawo ikuzima. Anawerenga mokweza, pang'onopang'ono:

"Mayi, pepani ndinatanganidwa. Muzidya bwino. Ndimakukumbukirani."

Zilembo zinali zomwe zija, zopendekera, palibe akanatsutsa. Ndipo n'zimene zinapweteka. Akanati ndi zabodza bwenzi zili bwino. Anakhulupirira kuti alemba ndi amuna awo.

"Akuti mayi," anatero. "Akuti muzidya." Anandiyang'ana. "Ndawalakwira chiyani ine?"

"Palibe, achemwali. Ndi ulemu chabe."

"Ulemu amapatsa anthu a kunja. Ine sanandilemberepo chonchi." Anapinda kapepalako bwinobwino n'kukaika patebulo, osati pachifuwa. "Apeza wina. N'chifukwa chake sabwera."

Alamu anali ataima pakhomo la chipinda, atagwira felemu ndi dzanja lamoyo lija. Sindinaonepo munthu wamkulu akuchita manyazi ndi chisoni nthawi imodzi ngati tsiku limenelo.

Tinayesa kukonza, musaganize kuti tinangokhala. Ndinamukhazika mwanayo pansi n'kumuuza zonse, iye n'kugwira pakamwa. Analemba kena koyamba ndi iwe wamkulu, ine ndikumuuza mawu poti bambo ake anali atatuluka panja. Tinkadalira matenda omwewo, kuti pofika mawa adzakhala ataiwala. Anaiwaladi kapepalako. Koma matenda amenewa ndi achipongwe: amatenga nkhani n'kukusiyira ululu wake. Achemwali sankadziwanso chomwe chinachitika, ankangodziwa kuti anasiyidwa. Anasiya kupisa dzanja m'nsapato. Ndikawapatsa kapepala m'manja ankakankha. "Ndatopa nazo," ankatero, osadziwa kuti atopa ndi chiyani. Chakudya ankangochigwiragwira. Kuimba kunatha.

Ine ndinawakalipira alamu, sindibisa. Ndinawapeza pakhonde akuyesa kumanga chingwe cha nsapato ndi dzanja limodzi.

"Alamu, kamwa muli nalo. Mukudikira chiyani? Mawu a zilembo zitatu akukukanikani? Mkazi wanu akutha uku mukuona."

"Sindinazolowere, alamu."

"Zolowerani lero."

Anapitiriza kulimbana ndi chingwe chija. Koma madzulo a tsiku lotsatira, dzuwa likadalipo, ndinawaona akumeta ndevu, akudzicheka ndi dzanja losazolowera. Anavala shati yoyera, ine n'kuwamangira mabatani. Achemwali anali pampando wa pawindo, manja ali pamiyendo. Alamu anakoka kampando, nakhala pafupi kuposa momwe mlendo amakhalira. Ine ndinaima pakhomo la kukhitchini.

Anatsegula pakamwa, n'kutseka. Anatsegulanso.

"Iwe," anatero. Mawuwo anatuluka okhota chifukwa cha mlomo wofooka uja, koma anamveka. "Iwe, ndine. Sindinapite kulikonse. Ndili pompano."

Achemwali anatembenuka. Anawayang'ana nthawi yaitali, ndipo ine ndinayamba kuthokoza Mulungu chamumtima. Kenako anakoka siketi yawo kuphimba mawondo, nasendeza mpando kumbuyo pang'ono. Sanakalipe. Analankhula mofatsa, ngati akuchenjeza munthu amene akumumvera chisoni.

"Abambo, musatero. Mwakhala mukutithandiza pakhomo pano, ndipo ndikuthokoza. Koma mawu amenewo si anu. Ine ndine mkazi wa mwini. Kaya anditaya, kaya sananditaye, wonditchula choncho ndi mmodzi."

Alamu anaweramitsa mutu. Ndinaona phewa lawo likunjenjemera, ndipo sindikudziwa mpaka pano ngati kunali kulira kokha, chifukwa mwamuna amene wakanidwa chifukwa choti mkazi wake ndi wokhulupirika kwa iye yemweyo, alire bwanji, aseke bwanji? Anadzuka movutikira, nabwezera kampando kaja pamalo pake.

"Pepani, mayi," anatero. "Sindidzabwerezanso."