Mazira a Nkhosa ya Abambo

Chaka changa chomaliza ku koleji ya zaulimi ndinkalimbana ndi mazira a nkhosa. Ndi tinthu tosaoneka ndi maso, totengedwa m'timatumba tiwiri ta m'mimba mwa nkhosa yaikazi ikangophedwa. Mazirawo tinkawalera m'timbale ta madzi okhala ndi zakudya zake, kenako n'kuthiramo umuna. Ntchito yanga inali yoona ngati mankhwala oteteza, othiridwa m'madziwo, angathandize kuti mazira asafe msanga, monga madzi a mandimu amaletsera peyala lodula kuda. Koma opha nyama amapha mbuzi, nkhosa n'zosowa. Timbale tanga tonse tinali titalephera, ndipo aphunzitsi anandiuza kuti mankhwala atsala a ulendo umodzi basi.

Abambo atamva, anangoti tiphe nkhosa yawo. Inali yomaliza m'khola lathu ku Nambuma, zinzake zonse zitatha ndi matenda. Ndinakana pakamwa pokha, mtima ukufuna.

Ndinapita kumudzi, ndipo anaipha m'mawa. Ndinadula timatumbato n'kutiponya m'fulasiki ya madzi ofunda amene ndinabwera nawo kuchokera ku labotale. Tinkayenera kufika kutauni madziwo asanazizire. Wakabaza anachedwa, ndiye ndinathamangira kumsewu kukamuimbira foni ndi kumukalipira, fulasiki nditaisiya pakhonde.

Nditabwerera, amayi anandipatsa fulasikiyo akumwetulira. Inkanunkhira tiyi. Kwathu mwana sanyamuka ulendo wopanda kanthu kofunditsa m'mimba.

"Amayi, zimene zinali umu zili kuti?"

"Ndakusungira bwinobwino. Nyama m'madzi ofunda imaola, mwanawe."

Anatulutsa kamtolo ka tsamba la nthochi. Timatumba tija anali atatitsuka ndi madzi ozizira a mumtsuko n'kutipaka mchere wambiri, monga amachitira ndi nyama iliyonse yopita kutali. Ndinatsegula pakamwa kuti ndikalipe. Koma kuseri kwa nyumba abambo anali akusenda chikopa, akuimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi. Ndinameza mawu, ndinathokoza, n'kukwera njinga.

Njira yonse m'minibasi ndinkadzinamiza kuti mwina mchere sunalowe m'kati. Ku labotale ndinatsuka timatumbato, ndinatulutsamo mazira ochepa n'kuwagawa pawiri: ena m'madzi a masiku onse, ena m'madzi othira mankhwala otsala aja. Tsiku lililonse ndinkasuzumira pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono, mtima uli m'mwamba. Palibe dzira ngakhale limodzi limene linagawikana, chomwe ndi chizindikiro choti mwana wayamba kupangika. Onse anada n'kunyala.

Lamlungu ataweruka kutchalitchi, amayi anaimba foni. Anali atauza kale anzawo a kumpingo kuti nkhosa yakufa ibereka m'mbale kutauni. Anafunsa ngati ana agwira, ndipo ndinamva abambo akusendera pafupi kuti amve nawo.

"Sanagwire, amayi. Madzi anga ndiwo analakwika."

"Pepa, mwanawe," anatero. "Koma bola ndinathira mchere uja, eti. Tikanati zinaolera m'njira."