Masana Amene Tinasewera Anamapopa ku Zobue

Ntchito yanga ku kampu ya mgodi ku Moatize inali yochapa maovolo. Ankabwera ali bii ndi fumbi la malasha, ine n'kuwachapa, mawa lake n'kubweranso ali bii. Khungu la m'manja linkasupuka ndi sopo, ndipo pofika Loweruka msana unkakhala ngati si wanga.

Kumeneko kunali masewera ena amene anatiphunzitsa makaniko wina wa ku Brazil, amene ankasowa chochita Lamulungu. Aliyense ankapatsidwa moyo wa munthu wakufa kalekale koma woyendabe, wokhalira kumwa magazi a anthu. Panalibe mawu oloweza. Ukangolowa m'nyumba yosamalizidwa imene tinkakumanamo, unali munthu ameneyo mpaka kutuluka. Mnzako akakusemera mlandu pamaso pa mfumu, unayenera kupeza yankho pomwepo, apo ayi wagonja. Ine ndinali mayi wogulitsa minyanga ya njovu m'mbali mwa Zambezi m'nthawi ya Achikunda.

Sindinganene kuti masewerawo ndinkawakonda kwenikweni. Kungoti sabata yonse pakamwa panga pankatuluka "inde bwana" yekhayekha, pomwe Lamulungu ndinkatha kuyankha mwano ngakhale kwa mfumu. Mfumu yathuyo inali dalaivala wa magalimoto a malasha, munthu wamtali, wofatsa, wovala jekete lakuda ngakhale dzuwa la ku Tete likuswa mtengo.

Malasha atatsika mtengo, ntchito zinatha. Makaniko uja anabwerera kwawo. Ine ndinakwera minibasi, imene kwathu timati chapa, kupita ku Zobue kwa amayi, amene chibwerereni kuchokera ku Malawi, kumene anathawira nkhondo, amangolima mbatata ndi kabichi. Ndinapeza ganyu yolongedza katundu m'sitolo ya bambo wina wachisilamu.

Patapita nthawi, dalaivala uja anabwera kudzandiona pamodzi ndi anzathu awiri, onse ali pa ulova. Titacheza mpaka nkhani kutha, mmodzi anati tisewereko pang'ono. Ndinali nditatopa, koma anali atachokera kutali. Ndinapempha eni sitolo kuti tikhale kuseri, pa mthunzi wa nyumba yosungiramo katundu, ndipo anavomera osafunsa zambiri. Masiku amenewo kunkamveka mphekesera za anamapopa, koma zinkachokera kutali, kutsidya kwa malire, ndipo kwathu kunali bata.

Magazi athu anali chakumwa chofiira cha ufa, chosungunulira m'botolo. Dalaivala anamwako, milomo n'kufiira, kenaka anaimirira ndi jekete lake.

"Magazi a m'tauni muno ndi anga," anatero. "Palibe womwa popanda chilolezo changa."

Pa nthawiyo n'kuti mayi wina wogulitsa tomato atabwera kudzataya madzi kuseriko. Anatiyang'ana, n'kubwerera mwakachetechete, beseni lili m'manja.

Sipanatenge nthawi. Tinangomva mgugu, kenaka anthu anadzaza njira zonse ziwiri zotulukira. Ena anali ndi miyala, bambo wina anali ndi mpini wa khasu. Sankakuwa. Anzathu awiri aja anangouma pa khoma. Dalaivala anayamba kufotokoza m'Chipwitikizi kuti ndi masewera, kuti ali ndi malamulo ake, ndipo ndinaona kuti liwu lililonse likumukumbira dzenje. Mlendo wamtali, wa jekete lakuda, wa milomo yofiira, wolankhula chilankhulo cha ku ofesi.

Ndinatola botolo lija, n'kupita nalo kwa mayi wa tomato.

"Amayi, mwatiwonongera sewero," ndinatero mokwiya ngati ndalakwiridwadi. "Tinkafuna anthu adzalione litapsa. Talawani magazi athuwa."

Anakana. Ndinamwa ndekha, n'kupatsira mtsikana wina amene tinkatunga naye madzi. Ananunkhiza, analawa, n'kunena kuti ndi za shuga.

"Sewero lanji?" anafunsa bambo wa mpini.

"Lochenjeza anthu za anamapopa. Awa ndabwera nawo ndine kuchokera ku Moatize."

Eni sitolo anali atafika. Anaima pakhomo atapinda manja.

"Malo ano ndawapatsa ndine," anatero. Sanawonjezere, ndipo sananame.

"Ngati ndi sewero, tilione," anatero bambo uja.

Sewero panalibe. Ndinavula mpango wa kumutu, n'kuupinda ngati khanda, n'kugwada pa fumbi. Ndinayamba kulira maliro a mwana wopopedwa magazi. Ndinamupatsa dzina pomwepo, ndinatchula za phala limene anasiya m'mbale, za malaya ake a ku sukulu amene anali asanavale. Mawu ankangobwera okha monga ankachitira m'nyumba yosamalizidwa ija. Kenaka ndinaloza dalaivala.

"Ndiwe. Bwezera mwana wanga."

Anandiyang'ana kamphindi, n'kumvetsa. Mfumu yaulemu ija inasanduka chitsiru. Anayamba kunjenjemera, kukana, kubisala kuseri kwa thumba la mchere limene silinkafika ndi m'mawondo ake omwe. Anati iye ndi namapopa wosauka, dzino lake linagweruka, masiku ano amangomwa thobwa. Mayi wina anaseka. Anzathu awiri aja anatsitsimuka, nakhala apolisi, n'kuyamba kulimbirana kuti amumange ndani. Miyala inayamba kugwa pansi umodziumodzi.

Koma anthu ankafuna mathero, ndipo mathero ake anali oti namapopa alangidwe. Ndinatola phesi la chimanga n'kumamukwapula nalo, iye n'kumagubuduka. Pomwepo bambo wa mpini analowa m'bwalo akuseka, n'kumumenya kamodzi pa khutu. Sizinali zoyerekezera. Dalaivala anagwa, osadzuka. Ndinamuponda pamsana mwamsanga, n'kulengeza kuti namapopa wafa, mudzi wapulumuka, sewero latha. Anthu anawomba m'manja. Ena anati linali lalifupi.

Atabalalika, dalaivala anadzuka n'kutsamira khoma. Khutu linali litang'ambika. Ndinamutsuka ndi madzi a mchere, iye osadandaula. Palibe amene anayamikira mnzake. Tinangokhala ngati anthu ochokera kolima dambo.

Eni sitolo anabweretsa tiyi ndi nsalu yoyera yomangira bala.

"Mwana wanga," anatero kwa ine, "zimenezi zisadzachitikenso pano."

"Sizidzachitikanso, bambo."

Ndinawaperekeza alendo anga kokwerera chapa. Dalaivala anapinda jekete lija n'kuliika m'jumbo. Pokwera anangoti ndiwapatse moni amayi. Ndinabwerera kusitolo, chifukwa kunali kutabwera matumba a ufa wa tirigu ofunika kulowetsa mvula isanagwe.

Sitinadzasewerenso. Ndinamva kuti dalaivala ali ku Kambulatsitsi, amagulitsa makala pa njinga, ndipo khutu lija silimva bwino. Bambo wa mpini amabwerabe kudzagula sopo ndi palafini. Nthawi zina amandifunsa kuti anzanga oseketsa aja adzabwera liti, ine n'kumuyankha kuti ali kutali.