Ndinakweza palole katundu yense wa malemu bambo

Inu owerenga, ine ndinalakwira mlongo wanga, ndipo ndinamulakwira ndikudziona ngati wanzeru. Bambo athu anali telala ku Ching'ambo mu mzinda wa Mzuzu. Anasiya ana awiri: ine woyamba, wogwira ntchito ku Lilongwe, ndi Tiwonge, amene anawadwazika zaka zinayi kwinaku akusoka pakhonde ndi makina awo.

Kwathu ku Nkhata Bay katundu wa malemu sakhudzidwa mpaka abale atakhala pansi. Amatulutsa chilichonse, n'kufunsa woyenera kuchitenga, ndipo chotsala ndicho chimagulitsidwa. Azakhali anati zimenezi zichitika pakatha mwezi. Koma tchuthi changa chinali kutha, nyumba inali ya lendi, ndipo kunena zoona ndine munthu wopupuluma.

Tiwonge ankafuna tidikire abale, kenako tizigulitsa chimodzichimodzi kwa anthu oyandikana nawo. Ine ndinamva za wamalonda wina wogula katundu yense wa m'nyumba pakamodzi, ndipo njira imeneyo inandikomera. Tsiku limene Tiwonge anaperekeza azakhali kumudzi, ndinamuitana wamalondayo. Anabwera ndi lole, ine n'kungoti atenge zonse. Mipando, bedi, kabati imene sindinatsegule n'komwe, ngakhale makina osokera, zonse zinakwera. Pofika masana nyumba inali pululu.

Tiwonge atabwera anaima pakhomo. Anayang'ana pamene pankakhala makina, n'kunena kuti, "Yewo chomene, achimwene. Mwandipumitsa ntchito." Apa m'pamene anandiuza kuti m'kabati muja munali nsalu za eni ake, mayunifomu a ana asukulu osoka theka, ndi diresi la ukwati la mtsikana wina wa ku Lupaso.

Ndinathamangira kwa wamalonda uja, koma katundu anali atamwazika kale. Ine ndinakwera basi kubwerera kuntchito. Wotsala ndi manyazi anali Tiwonge. Ndiye amene eni nsalu ankamuloza pamsika, ena mpaka kumutchula wakuba, ndipo palibe anamupatsanso chosoka. Abale atamva, sanabwerenso kudzakhala pansi, poti panalibe chogawa. Zimandiwawa mpaka lero.

Chaka chatha ndinamutumizira makina atsopano, poganiza kuti nkhani ithera pomwepo. Anawabweza. Pafoni anangoti, "Sindinasowe makina, achimwene. Ndinasowa wondifunsa."

Inu amene makiyi a nyumba ya malemu adzagwere m'manja mwanu, musathamange. Kukhala woyamba kubadwa sikutanthauza kuti mukudziwa zili m'nyumbamo. Tsegulani kabati iliyonse, dikirani abale, ndipo koposa zonse funsani amene ankagona m'nyumbamo ndi wodwalayo. Wogula pakamodzi amakupeputsirani tsiku limodzi lokha. Ine bambo ndinawaika m'manda kamodzi, koma mlongo wanga ali moyo, ndipo ndikafika ku Mzuzu ndimagona kunyumba yogona alendo.