Mpeni Wogwedera

Ndikakumbukira agogo aamuna, bambo awo a amayi, ndimamva fungo la phula ndi utomoni, ndiponso kuzizira kwa kachisakasa kawo kuseri kwa nkhokwe, kwathu ku Golomoti, zaka za Chitaganya zija. Ankasula mipeni kuchokera ku makasu akutha. Kusulako ankachitira panja pamvukuto, koma zogwirira ankaikira m'chisakasa, ndipo chipsereni chisakasa choyamba, moto sunkaloledwa kulowamo. Phula lomatira, losakaniza ndi utomoni ndi makala osinja, ankalisungunula m'phale pamoto wa amayi, n'kuthamanga nalo lisanalimbe.

Kuthamangako ndi kumene kunawathera. Mu Juni, mphepo ikamatsika m'mapiri a Dedza, ankafika phula litayamba kale kuuma, zala zili gwa, ndipo mipeni yawo inayamba kugwedera. Anthu sanadandaule. Anangosiya kubwera.

Amayi nawonso anagula mpeni wa m'sitolo ku Mtakataka, n'kumaubisa kudenga. Ine ndi pakamwa pangapa ndinakadzitama kwa agogo kuti kwathu kuli mpeni wonyezimira, ndipo mpaka lero ndimadziimba mlandu. Anauitanitsa, anautembenuza kawiri, n'kuubweza.

"Ndikupangira wako, mwanangu," anauza amayi.

Anavutika nawo masiku atatu. Tsiku loyamba phula linauma panjira. Lachiwiri chogwirira cha mlombwa chinang'ambika. Lachitatu m'mawa ndinawapeza atakhala pachipika, chitsulo ndi chogwirira china atazipana m'khwapa kuti zifunde, milomo itatuwa, mawondo akunjenjemera. Amene anathamanga ndi phale tsikulo anali amayi.

"Bambo, ndibweretse makala pang'ono muwothe."

"Muno ayi."

Mpeni unatuluka wokongola, koma patangotha mwezi unayamba kugwedera. Amayi anandikoka khutu: "Ukangonenanso, uona!" Kuyambira pamenepo ankasenda chinangwa pamaso pa agogo, chala chachikulu chitapanikiza polumikizira kuti chitsulo chisasunthe, kwinaku akuyamikira kuthwa kwake. Akalowa m'nyumba ankakutumula dzanja lochita dzanzi. Ineyo kungoonera kokha kunkanditopetsa.

Tsiku lina agogo anayang'anitsitsa dzanjalo nthawi yaitali.

"Pumitsa chalacho, mwanangu," anatero motsitsa mawu. "Katenge wa m'sitolo uja."

Agogo anadzuka pang'onopang'ono, anakamanga chitseko cha chisakasa ndi luzi, ndipo sanachimasulenso mpaka tinawaika m'manda.

Mpeniwo ndili nawo. Ana anga amafuna kuumata ndi guluu wamasiku ano, ine ndimakana. Mipeni yolimba m'nyumba muno ilipo, koma chinangwa ndimasenda ndi umenewu, chala chitapanikiza pomwe ankapanikiza amayi, mpaka chichite dzanzi.