Nsapato Zanga Pansi pa Benchi

Dzulo kalipentala amapala thabwa la paini pakhomo panga, ndipo fungo la utomoni linandibwezera kwathu ku Mtendere, m'kaholo ka tchalitchi momwe ba Sakala ankatiphunzitsa chelo, chida chachikulu chija choimba ndi uta utachiimika pakati pa maondo.

Utomoniwo tinkapaka ku uta tisanayambe. Chaka chathunthu ndinalimbana ndi nyimbo imodzi yakalekale ya ku Ulaya, yoyenda pang'onopang'ono, yoimbidwa ndi chelo chokha popanda chida china.

"Osathamanga iwe," ankatero ba Sakala. "Iyi ni nyimbo yovina. Uziyenda nayo monga munthu wanyamula madzi pamutu."

Nditaidziwa bwino, anati kukubwera alendo akunja odzatimvera. Amayi anandigulira nsapato zakuda pa salaula, pamsika wa zovala zakale, n'kuzipukuta mpaka kuwala. Alendo ali pakhomo, ba Sakala anandinong'oneza:

"Vula nsapato. Chelo chimamveka bwino kumapazi."

Ndinavula n'kuzikankhira pansi pa benchi. Ndipo zoonadi, nsambo yaikulu ikalira, simenti inkanjenjemera kuphazi kwanga. Ndinaimba nditatsinzina, ndikunyada kuti andiululira chinsinsi cha akatswiri. Onse anawomba m'manja kupatula amayi, ndipo ndinawakwiyira sabata yonse.

Chithunzi cha tsikulo ndinadzachiona ndili wamkulu, pa kapepala kopemphera thandizo. Uta ndaugwira bwino, ndendende mmene anandiphunzitsira. Koma wojambulayo anachita kugwada kuti mapazi anga otuwa akhale patsogolo. Ba Sakala aima pambali panga akumwetulira, nsapato zawo zili kuphazi.